Wantchito Amene Adasanduka Mdani: Mbiri ya Nkhono m'Mathanki a Nsomba

Mwambo woweta nsomba m'mathanki a galasi, osati kuti zikhale ndiwo koma kuti maso azikondwera poziona, ndi mwambo wa dzulodzuloli tikaulinganiza ndi kuweta mbuzi kapena nkhunda. Pakuti ngakhale anthu a ku China adayamba kalekale kusunga nsomba zagolide m'mayiwe ndi m'mitsuko ya dothi, thanki yoonekera mbali zonse, m'mene nsomba ndi zomera zimakhala pamodzi miyezi ndi zaka osafa, siidakwanitse n'komwe zaka mazana awiri. Ndipo mwa madandaulo onse amene eni mathanki otere amadandaula, kuyambira ku London kufikira ku Johannesburg, lomveka kawirikawiri ndilo la nkhono: kuti munthu amagona thanki yake ili yoyera, koma pakutha pa masabata owerengeka amapeza tinkhono tili mbwee pagalasi, pamasamba ndi mumchenga momwe. Tsono amene afuna kuweruza mlandu umenewu mwachilungamo ayambe wamva chiyambi chake, chifukwa nkhono siidalowe m'nyumba ya galasi ngati mbala yoboola chipupa usiku. Idachita kuitanidwa, nilandiridwa ndi ulemu, nipatsidwa ntchito imene idaigwira mokhulupirika.

Chisanafike chaka cha 1850, munthu wa ku Ulaya wofuna kusunga nsomba m'nyumba ankaiika m'mbiya ya galasi yobulungira, ndipo ntchito yake yaikulu idali kutaya madzi ndi kuthiramo ena, pakuti madzi osayenda amatha mpweya, nsomba niyamba kuyasamula pamwamba pa madzi kufikira itafa. Anthu ophunzira adali atadziwa kale, kuyambira m'zaka za m'ma 1770 pamene Joseph Priestley ndi Jan Ingenhousz ankafufuza za mpweya, kuti chomera chikaombedwa ndi dzuwa chimatulutsa mpweya umene nyama zimapuma, pamene icho chimamwa mpweya woipa umene nyamazo zatulutsa. Koma nzeru imeneyi idagona m'mabuku zaka zambiri isanalowe m'mbiya. Mayi wina wa ku France, Jeanne Villepreux-Power, amene pa utsikana wake adali wosoka zovala, ndiye adayamba mu 1832 kupanga zotengera za galasi ku Messina, pa chilumba cha Sicily, kuti aziyang'anitsitsa zamoyo za m'nyanja yamchere. Ndipo kuyenera kuti dzina lake lisaiwalike, ngakhale nkhani yathu ili ya madzi opanda mchere.

Amene adalowetsa nzeru ija m'madzi adali Robert Warington, katswiri wa kasakanizidwe ka mankhwala ku Apothecaries' Hall mumzinda wa London. Mu 1849 iyeyu adatenga chotengera cha galasi cholowa magaloni 12, nathira pansi pake mchenga ndi matope, nabzalamo chomera cha masamba aatali ndi opyapyala chotchedwa Vallisneria, naikamo tinsomba tiwiri tagolide. Ndipo adatsimikiza mumtima mwake kuti madziwo sawasintha. Poyamba zonse zidayenda bwino. Koma masamba akale a chomeracho atayamba kufa ndi kuola, madzi adada, ndere zobiriwira nizikuta galasi ndi pamwamba pa madzi, kotero kuti moyo wa nsomba udali pachiswe. Wina aliyense akadataya madziwo n'kukatunga ena, n'kuiwala za nkhaniyo; koma Warington adadzifunsa kuti, kodi m'mayiwe a kuthengo, m'mene mulibe munthu wosintha madzi, wochotsa zoola ndani? Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthuyu adadekha kufikira adaliona yankho likukwawa m'mphepete mwa dziwe. Adatenga nkhono 5 kapena 6 za mtundu wa Lymnaea stagnalis, naziponya m'chotengera chija. Ndipo taonani, nkhonozo zidadya ndere ndi masamba oola, madzi nayera, chomera nichiphuka, nsomba nizikhala ndi moyo.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene obwereza ambiri amaidumpha, koma ndiyo ili ndi phindu loposa. Nkhono za Warington nazo zidaikira mazira ochuluka zedi pagalasi, monga zichitira nkhono zonse zikakhuta. Komabe sizidadzaze chotengeracho, chifukwa ana a nkhono akangoswa ndi kuyamba kuyenda, zigoba zawo zisanalimbe, nsomba zija zinkawameza. Chotero zoola zinkasanduka nkhono, nkhono nizisanduka chakudya cha nsomba, zotuluka mwa nsomba nizisanduka manyowa a chomera, ndipo chomera chinkabweza mpweya kwa onse. Izi ndi zimene adafotokozera bungwe la Chemical Society mu 1850. Tisunge mumtima kuti m'thanki yoyambayo mudali kale wodya nkhono, madzi adali ozizira monga ikhalira nyumba ya ku England, ndipo chakudya cha nkhono sichidali chochuluka kuposa zimene chomera chimodzi chingagwetse.

Zaka zotsatira zidali zaka za chimwemwe chachikulu pa zinthu za m'madzi. Boma la Britain lidali litachotsa msonkho wa galasi mu 1845, kotero kuti galasi lidatsika mtengo. Mu 1853 kumalo osungirako nyama ku Regent's Park mu London kudatsegulidwa nyumba ya nsomba yoti anthu wamba azikaona. Ndipo mu 1854 Philip Henry Gosse, munthu wopembedza kwambiri amene ankaona dzanja la Mlengi m'kachilombo kalikonse, adatulutsa buku lake lotchedwa The Aquarium, limene lidachititsa mabanja ambiri kugula mathanki. Ku Germany ntchito yomweyo idagwiridwa ndi Emil Adolf Rossmässler, amene mu 1856 adalemba m'magazini ya Die Gartenlaube za nyanja ya m'galasi. Ndipo munthu ameneyu, asanatchuke ndi mathanki, adali kale katswiri wodziwika wa nkhono za pamtunda ndi za m'madzi. M'masiku amenewo chiphunzitso chidali chimodzi: thanki yabwino iyenera kukhala ndi nsomba, zomera ndi nkhono, chilichonse pa muyeso wake, ndipo wogula thanki ankagulanso nkhono ndi ndalama zake, naziwerengera pamodzi ndi chuma cha m'nyumba.

Nanga zidatani kuti wantchito wolemekezeka chotere asanduke mdani? Nkhono siidasinthe khalidwe. Chidasintha ndi nyumba imene inkagwiramo ntchito. Mu 1869 Pierre Carbonnier wa ku Paris adakhoza kuswetsa nsomba zokongola zochokera ku China zotchedwa paradise fish, ndipo kuyambira pamenepo mitima ya anthu idatembenukira ku nsomba za kumaiko ofunda. Nsomba zotere zimafuna madzi ofunda. Poyamba ankazifunditsa ndi nyali yoyaka kunsi kwa thanki, pambuyo pake magetsi atafika m'nyumba kudabwera zotenthetsera madzi, mapampu opopera mpweya ndi zosefera. Zipangizo zimenezi zidalanda ntchito ya nkhono, pakuti chosefera chimayeretsa madzi msanga kuposa lilime lake. Koma nthawi yomweyo zidaipatsa chilimwe chosatha, m'mene mulibe chisanu choiletsa kuikira kapena chilala choumitsa dziwe. Ndiponso tinsomba tating'ono tamawangamawanga timene anthu adayamba kukonda, monga guppy ndi neon tetra, tilibe pakamwa poti n'kuswa chigoba.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kudadza zinthu ziwiri zimene zidatsiriza ntchitoyo. Choyamba ndi chakudya chouma chogula m'chitini, chimene kampani ya Tetra ya ku Germany idafalitsa m'zaka za m'ma 1950. Kale mwini nsomba ankavutika kukafuna tizilombo tamoyo kumadambo, motero ankadyetsa mosamala. Koma tsopano chakudya chidali pafupi ndi dzanja, ndipo chifukwa nsomba zimathamangira pagalasi nthawi iliyonse munthu akayandikira, bambo ankawaza, mayi nawazanso, ana nawonso n'kuwaza pobwera kusukulu, aliyense akuyesa kuti akuchita chifundo. Zotsala zinkamira pansi. Chachiwiri ndi ndege ndi matumba a pulasitiki, zimene zidachititsa kuti zomera za m'madzi zolimidwa m'mayiwe a ku Florida, ku Singapore ndi maiko oyandikana nawo zifike m'masitolo a ku Ulaya m'masiku owerengeka. Ndipo kunsi kwa masamba ake kunkakhala mazira a nkhono, okutidwa ndi utomoni woonekera ngati madzi, oti diso la wogula silingawaone.

Mitundu itatu ndiyo idatchuka ndi mbiri yoipa. Pali kankhono ka Physella acuta, ka chigoba chopyapyala chopotokera kumanzere, kamene kwawo ndi ku North America ngakhale kadalembedwa koyamba m'mabuku ku France mu 1805. M'thupi limodzi muli chimuna ndi chikazi, ndipo kakasowa mnzake kamatha kubereka kokha, kotero kuti kamodzi kokha n'kokwanira kuyambitsa fuko. Pali nkhono za chigoba chozungulira ngati nyanga ya nkhosa yamphongo, zimene zina mwa izo zimaoneka zofiira chifukwa magazi ake ali ndi chofiiritsa chonga cha m'magazi athu. Ndipo pali Melanoides tuberculata, ya chigoba chachitali chosongoka, imene ili yovuta kuposa zonse: yaikazi imabereka popanda yaimuna, siikira mazira pamasamba koma imatulutsa ana amoyo okhala kale ndi zigoba, usana imabisala mumchenga n'kumatuluka usiku, ndipo ili ndi chitseko cholimba chimene imatseka nacho pakhomo pa chigoba chake ikamva mankhwala m'madzi. Mwini thanki amayesa kuti ali nazo khumi. Koma akayatsa nyali pakati pa usiku amapeza khamu likukwera galasi.

Apa ndiyenera kunena poyera chimene ndikhulupirira, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Nkhono siibereka ndi mpweya. Chigoba chilichonse ndi thupi lililonse zimamangidwa ndi chakudya chimene wina adaponya m'madzimo, kapena ndi ndere zimene zidamera chifukwa cha kuwala kochuluka ndi zonyansa zosachotsedwa. Kuchuluka kwa nkhono ndi mboni yonena za dzanja la mwini thanki, mboni yosalandira chiphuphu. Ndipo m'thanki m'mene chakudya chimaperekedwa choti nsomba zithe m'kanthawi kochepa, masamba akufa namachotsedwa, mchenga numapopedwa posintha madzi, nkhono zimachepa zokha kufikira pa chiwerengero chimene nyumbayo ingadyetse. Nkhono zochepazo sizivulaza nsomba, ndipo mitundu itatu ija kawirikawiri siikhudza tsamba lamoyo. Melanoides imathandizanso kutembenuza mchenga. Koma munthu sakonda mboni yomutsutsa, motero mbiri ya zaka zana zapitazi yakhala makamaka mbiri ya njira zophera mboniyo.

Njira yakale koposa ndiyo ya dzanja: kuzitola imodziimodzi, kapena kumiza tsamba la letesi kapena kachidutswa ka nkhaka madzulo, n'kukavuula m'mamawa nkhono zitaunjikana pamenepo. Njira imeneyi siitha nkhono zonse, koma siipha chosalakwa, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Ochenjera adaphunziranso kutseka pakhomo: kuviika zomera zatsopano m'madzi a alum kapena a potaziyamu pamanganeti ndi kuzitsukuluza bwino, kapena kuzisunga pazokha masabata angapo mpaka mazira obisika ataswa ndi kuonekera. M'zaka zaposachedwa alimi a zomera ayamba kuzimeretsa m'timakapu totsekedwa m'nyumba zoyesera zinthu, m'mene nkhono siidapondemo chiyambire.

Njira ya mankhwala ili ndi mbiri yaitali, ndipo siidayambire m'mathanki. Idayambira pa matenda amene ife tiwadziwa bwino. Mu 1851 dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, akugwira ntchito ku Cairo, adapeza tinyongolotsi toyambitsa likodzo m'mitsempha ya munthu. Koma padapita zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi anthu asanadziwe njira imene tizilomboti timadzera pochoka kwa munthu wina kunka kwa mnzake. Akatswiri a ku Japan, Miyairi ndi Suzuki, ndiwo adaonetsa mu 1913 kuti nkhono ndiyo nyumba yapakati. Ndipo mu 1915 Robert Leiper adatsimikiza ku Egypt kuti likodzo la m'chikhodzodzo limadzera mu nkhono za mtundu wina, la m'matumbo nalo mu mtundu winanso. Kuyambira pamenepo maboma adalengeza nkhondo pa nkhono. M'zaka za m'ma 1920 adayamba kuthira mchere wa mkuwa, wobiriwira ngati thambo, m'ngalande za ku Egypt. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kampani ya Bayer idatulutsa mankhwala amphamvu otchedwa niclosamide. Ndipo mu 1964 Aklilu Lemma wa ku Ethiopia, akuyenda m'mbali mwa mtsinje pafupi ndi Adwa, adaona nkhono zakufa kumunsi kwa malo amene amayi ankachapira ndi zipatso za endod, napeza motero mankhwala ophera nkhono m'chitsamba cha kwawo komweko.

Mkuwa womwewo ndiwo udalowa m'timabotolo togulitsidwa kwa eni mathanki. Koma aliyense wodziwa zimene katupe amachita padziwe sadzadabwa ndi zotsatira zake: chothiridwa m'madzi sichisankha woti chimuphe. Niclosamide amapha nsomba pamodzi ndi nkhono. Mkuwa umapha tinkhanu tokongola timene ambiri amaweta masiku ano, umafooketsa zomera zina, ndipo m'madzi ofewa umavulaza nsomba zomwe. Ngakhale mankhwala atagwira bwino, tsoka lina limatsatira, chifukwa nkhono mazanamazana zikafa tsiku limodzi, zambiri zili m'kati mwa mchenga m'mene dzanja silifika, zimaola, madzi nadzala ndi poizoni wa amoniya, ndipo nsomba zimene mwini wake ankafuna kuzikondweretsa ndizo zimayandama chagada. Madzi akatayika saoleka. Ndipo zonsezi zitachitika, Melanoides zingapo zimene zidadzitsekera m'zigoba zimatsegula zitseko zake, n'kupeza nyumba yodzala ndi zoola, yopanda wopikisana nazo.

Ena adabwerera ku nzeru ya Warington, yoti nkhono ichepetsedwe ndi woidya. Kwa zaka zambiri ogulitsa nsomba ankalangiza clown loach, nsomba ya mizere yakuda ndi yachikasu yochokera m'mitsinje ya ku Borneo ndi Sumatra, imene Pieter Bleeker adailemba m'mabuku mu 1852. Ndipo n'zoona kuti imadziwa kusolola nkhono m'chigoba. Koma nsomba imeneyi imagulitsidwa ili yaing'ono ngati chala, pamene ikakula imayandikira masentimita 30, imakhala zaka zambiri, ndiponso ndi nsomba ya pagulu imene imavutika ikakhala yokha. Motero zikwi za nsomba zoterezi zathera moyo wawo m'timathanki topanikiza, zitagulidwa kaamba ka ntchito ya mwezi umodzi. Ichi ndichiyesa nkhanza, ngakhale ochichita sadziwa kuti akuchita nkhanza. Kansomba kodzitukumula ka ku Kerala, m'dziko la India, nako kamadya nkhono mwaluso, koma kamaluma zipsepse za anzake. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 kudafala nkhono yodya nkhono zinzake, Anentome helena, yochokera kumwera chakum'mawa kwa Asia. Iyo imafuna yaimuna ndi yaikazi kuti ibereke, imaikira dzira limodzilimodzi, ndipo siichuluka msanga, motero ambiri aiyesa yankho labwino. Komabe walira mvula walira matope: nkhono yodya inzake siisiyanitsa nkhono yosafunika ndi nkhono yokongola yogula ndi ndalama, ndipo zoyeretsa zikatha, zoola zimatsala zopanda wozidya.

Choipa chachikulu koposa sichichitikira m'thanki koma kunja kwake, pamene munthu wotopa, kapena wachifundo chosaganiza, akhuthulira nkhono ndi zomera zake mumtsinje kapena m'ngalande. Nkhono zazikulu za mtundu wa Pomacea, zochokera ku South America, zimene zimaikira mazira ofiirira pamwamba pa madzi, zidatengeredwa ku Taiwan cha m'ma 1980 kuti zikhale chakudya, ndipo zidafalikira m'minda ya mpunga ya ku Philippines ndi maiko ena a ku Asia, n'kumadya mbande zongowokedwa kumene. Mu 2009 zidapezeka m'minda ya mpunga ya kumatsiriro a mtsinje wa Ebro ku Spain, ndipo mu 2012 maiko a European Union adaletsa kulowetsa ndi kufalitsa nkhono za mtundu wonsewo, zimene kufikira nthawiyo zidali zokondedwa m'masitolo a nsomba. Mu 2020 zidatsimikizika ku Mwea, dera lalikulu la mpunga ku Kenya. Amene adaona minda ya mpunga ya ku Karonga, ku Nkhotakota ndi kuchigwa cha Chilwa adziwa yekha chifukwa chake nkhani imeneyi siili ya kutali.

Tsono nkhani yafika kwathu, pakuti m'mathanki a dziko lonse lapansi muli nsomba za m'Nyanja ya Malawi. Geoffrey Fryer atafufuza za mbuna ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, mbiri ya tinsomba ta m'miyala timeneti, tabuluu ndi tachikasu, idamveka kutali. M'zaka za m'ma 1960 tinsombati tidayamba kutumizidwa kunja, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1970 Stuart Grant adakhazika malonda ake pafupi ndi Senga Bay ku Salima, asodzi omira pansi pa madzi namagwira nsomba zamoyo zokwera ndege. Popeza madzi a nyanja yathu ali ndi mchere wa m'miyala wokwanira, oweta mbuna ku Ulaya ndi ku America amathira mchenga wa laimu m'mathanki awo. Ndipo madzi otere ndiwo amalimbitsa zigoba, kotero kuti Melanoides imakondwa kwambiri m'mathanki a nsomba za kwathu. Koma nyanja yeniyeniyo ili ndi odya nkhono akeake. Wamkulu mwa iwo ndi Trematocranus placodon, nsomba ya pamchenga imene ili ndi mano ophwanyira kukhosi. Imatola nkhono pansi, niiphwanya, nilavula zigoba. Ndipo m'madzi osaya m'mene imasakamo mumameranso Vallisneria, wa mtundu womwe uja adabzala Warington.

Kwa nthawi yaitali anthu ankakhulupirira kuti likodzo lili m'madambo, m'mabango ndi m'matsiriro a mitsinje, m'mene mukhala nkhono ya Bulinus globosus, koma kuti magombe oyera a mchenga, oombedwa ndi mafunde, alibe choopsa. Chikhulupiriro chimenechi chidagwedezeka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene alendo ambiri osamba ku Cape Maclear adayamba kupezeka ndi matendawa, ndipo mu 1996 magazini ya madokotala ya The Lancet idafalitsa kafukufuku wotsimikiza zimenezi; ngakhale tiyenera kunena kuti ana a m'mudzi wa Chembe, amene nyanja ndiyo chitsime chawo, bafa lawo ndi bwalo lawo losewerera, adali atasenza kale katunduyo dziko lisanatchere khutu. Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University, amene adakhala akumira m'madzi amenewo ndi kuwerenga nsomba kwa zaka zambiri, adaona kuti nsomba zodya nkhono zachepa kwambiri m'madzi osaya; ndipo mu 2001 Henry Madsen wa ku Denmark pamodzi ndi anzake adaonetsa kuti nkhono ina ya m'nyanja momwemo, Bulinus nyassanus, yokhala mumchenga wa pagombe loyera, nayonso imasunga tizilombo ta likodzo. Akatswiriwa adaloza chala makoka okokera kumtunda, makamaka osokereredwa masikito kuti ngakhale mwana wa nsomba asapulumuke, amene amasesa malo omwewo m'mene nsombazi zimadyera ndi kuswerana.

Sichingakhale chilungamo kuika mlandu wonse pa msodzi, amene amakoka khoka chifukwa cha njala ya ana ake. Ndipo kuchepa kwa nsomba si chifukwa chokhacho. Anthu adachuluka m'mbali mwa nyanja, zimbudzi sizidachuluke molingana nawo, ndipo nthaka yokokoloka m'mapiri opanda mitengo imatsikira kunyanja ndi chonde chake, n'kumeretsa chakudya cha nkhono. Pajatu nkhono payokha siibala likodzo: tizilomboti timalowa mu nkhono pokhapokha mkodzo kapena chimbudzi cha wodwala chafika m'madzi, n'chifukwa chake nkhono zobadwira m'thanki ya m'nyumba sizipatsa munthu matendawa. Zochepetsa woidya ndi zochulukitsa chakudya chake zidachitika pamodzi pagombe limodzi.

Ndipo nyanja yalandiranso alendo. Mu 2004 Martin Genner ndi anzake adalengeza kuti pakati pa nkhono za Melanoides za m'nyanjayi, zimene zilipo zamitundu yakeyake kuyambira kale, mwalowa ina ya mbadwo wa kumwera chakum'mawa kwa Asia, yofanana nazo kotero kuti idachuluka anthu osaizindikira. Ndiyo nkhono yomwe ija malonda a zomera ndi nsomba za m'mathanki aifalitsa m'maiko ambiri ofunda. Mu 2017 akatswiri adapezanso m'magombe a ku Mangochi nkhono ya Biomphalaria pfeifferi, yosunga likodzo la m'matumbo, ndipo pambuyo pake matendawo adapezeka mwa ana a sukulu a m'deralo. Mankhwala a praziquantel, amene adapangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndipo amagawidwa m'masukulu, amapha tinyongolotsi m'thupi la mwana, koma samuteteza akabwerera m'madzi mawa lake. Ndipo nyanja yotalika makilomita oposa 500 siingathiridwe mankhwala ophera nkhono popanda kupha chambo, utaka ndi mbuna zimene zidachititsa kuti dera la Cape Maclear likhale malo otetezedwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Chotsala m'manja mwa mafumu a m'mbali mwa nyanja, makomiti a pamadoko ndi alangizi a zausodzi ndicho kuteteza madzi osaya ku makoka a maso aang'ono kuti nsomba zophwanya nkhono zikule ndi kuswana, pamene a zaumoyo akumba zimbudzi ndi mijigo kuti anthu asamadalire nyanja pa chilichonse.